A Wadson Sikelo ndi Dona wa Pakhoma

Malemu bambo Wadson Sikelo, amene tawazinga pano lero, anabadwa pa 11 Ogasiti 1907 m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, m'dera la Kawinga. Tsikuli tikulidziwa chifukwa mphunzitsi wa mishoni analilemba kuseri kwa chikuto cha buku la nyimbo la bambo athu, apo ayi bwenzi tikungolozera chaka cha dzombe kapena cha nthomba monga timachitira ndi anzawo. Anali oyamba m'banja la ana asanu la bambo Sikelo ndi mayi Ida, amene onse awiri anatsogola kale. Ine amene ndikuwerenga ndine Yoram, mng'ono wawo wopondana nawo, komanso ndinali nkhoswe ya ukwati wawo. Za unkhoswezi ndazitchula dala, chifukwa mbiri ino ikafika pakati muona kuti inenso mlandu ndili nawo.

Mafumu, akuluakulu a mpingo, ndi inu nonse okhuza maliro, ndikuona kuti maso anu sali pa pepala langali. Ali pa chithunzi chija chatsamira kumutu kwa bokosi, chija ana a m'mudzi muno akula akuchitcha Dona wa Pakhoma. Kuyambira dzulo kwakhala kunong'onezana. Ena akuti malemu analamula kuti chithunzicho chilowe nawo m'manda, ena akuti akazi awo, alamu anga mayi Dorica, akana kwamtuwagalu. Zonse ziwiri nzoona, ndipo n'chifukwa chake adzukulu akhala akudikira chiyambire m'mawa osakhomera chivundikiro. Banja landituma kuti ndilongosole nkhaniyi kuyambira pamene inayambira, kuti tikamabwerako kumanda aliyense asakasimbe yakeyake.

Achimwene anakula ndi nkhafi m'manja. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankapalasa okha bwato kukawonjola miyono ya bambo athu m'mabango, n'kubwera ndi milamba yoti wamkulu anyadire. Ine madzi ndinkawaopa, ndipo bambo athu sankabisa kuti mwana wawo wapamtima ndi uti. Ndisaname pamaso pa mtembo, zinkandiwawa. Mu 1917 malemu anayamba sukulu ya mishoni kwathu konko, nalekeza Sitandade 2 mu 1921, atadziwa kuwerenga ndi kulemba chinenero chathu. Chizungu anachita kutola m'njira.

Mu 1925 analembedwa ntchito pa doko la Liwonde, yowolotsa anthu ndi magalimoto pa Shire. Kumeneko, mu 1930, ndi kumene anaonera mtsikana wa ku Utale kuno akuwoloka ndi azakhali ake. Anzawo a pantchito ankati tsiku limenelo ngalawa inayenda ngati yalemedwa, chonsecho munali anthu asanu ndi mbuzi imodzi. Ukwati unadalitsidwa pa 6 Juni 1931 m'tchalitchi cha kuno, malemu atalowa mpingo wa akazi awo, ndipo anakhala pachikamwini m'mudzi muno. Elsie anabadwa mu 1933, Wyson mu 1936. Banja limeneli linali la chikondi, palibe angatsutse, koma chikondi chake chinali cha maso ofiira mbali zonse ziwiri. Malemu akapatsa moni mzimayi kawiri tsiku limodzi, madzulo kunali bwalo. Mlendo wamwamuna akapempha madzi akumwa kwa alamu, malemu ankafuna kudziwa chifukwa chake ludzu lamugwirira pakhomo pawo pamene nyumba zili mbwee.

Minda ya ku Utale mukuidziwa nokha mvula ikazemba. Mu Meyi 1939 malemu ananyamuka ulendo wa ku Joni, atalonjeza kuti akakhala zaka ziwiri basi. Kumigodi sanakhalitse, mtima unkawakokera kumadzi, mpaka anakafika ku doko la Debeni. Mu 1942, nkhondo ili mkati, analembedwa ntchito pa sitima yapamadzi ya Amereka yonyamula katundu. Ntchito yawo inali yothandiza kukhitchini ndi kusamala chipinda chimene akuluakulu a sitimayo ankadyera. Pakhoma la chipinda chimenecho panali chithunzi ichi, ndipo kuchipukuta m'mawa uliwonse inali ntchito yawo.

Sitimayo inkatchedwa dzina la munthu wa pachithunziyu, ngwazi yakale ya ku Amereka, amene anamwalira agogo a agogo athu asanabadwe. Dzinalo malemu ankalitchula bwinobwino, koma ifeyo linatikanika lilime, choncho tinkangoti a Kaputeni. Malinga ndi mmene malemu ankatiuzira, a Kaputeniwa ankayendetsa zombo za nsalu, zoyenda ndi mphepo, pa nthawi imene anthu a ku Amereka ankamenyera kuti azidzilamulira okha. Akuti ndi kachombo kakang'ono ankalimbana ndi zikuluzikulu, ndipo tsiku lina chawo chitabooka anakana kutsikamo mpaka munthu wawo womaliza atakwera bwato. Nkhondo itatha anthu awo anawaiwala, anamwalira opanda ndi wowalira yemwe. Patapita zaka zambiri zidzukulu ndizo zinachita manyazi, n'kuyamba kutcha sitima dzina lawo. Pa sitima ya malemu, chaka chilichonse pa 9 Juni, tsiku lokumbukira a Kaputeni, ankaliza belu, onse n'kuima nji, woyendetsa sitima n'kuwerenga mbiri imeneyi.

Mu Julayi 1943, dzuwa likuswa mtengo, sitimayo inaombedwa ndi bomba lochokera pansi pa madzi. Anzawo akukanganirana mabwato opulumukira, malemu anabwerera m'chipinda chodyera muja n'kukazula chithunzi pakhoma. Titawafunsa kuti nzeru zimenezo anazitenga kuti, anati munthu amene wakhala ukumupukuta kumaso m'mawa uliwonse sungamusiye akumira ngati simudziwana. Anzawo asanu ndi mmodzi anapita ndi sitimayo. Otsalawo anakhala m'bwato masiku asanu ndi anayi, ndipo mwana wa ku Chiuta anapalasa mpaka zikhatho kusupuka. Tsiku lomalizalo anaona utsi wa sitima ina kutali, yosawaona. Mawu anali atawathera onse. Malemu anatenga chithunzichi n'kumatembenuzira galasi lake kudzuwa, kuthwanima kwake n'kukafika kumaso kwa a m'sitima ija. Atapulumuka, woyendetsa sitima anawauza kuti chithunzicho ndi chawo, achisunge.

Malemu anapitiriza kugwira ntchito m'sitima zina mpaka nkhondo itatha. Koma kuno, kuyambira 1942, kalata sinabwerenso ndi imodzi yomwe. Malemu ankati iwo ankalemba, makalata ndiwo ankamira. Alamu ankati makalata samira zaka zinayi zotsatizana. Ine mlandu umenewo ndinauleka. Chimene ndichitire umboni n'chakuti abale anawauza alamu kuti amete, avomereze kuti amuna awo anafa, akwatiwenso, ndipo iwo anakana. Analima okha, analera Elsie ndi Wyson okha, ndipo sitima ya pamtunda ikalira pa siteshoni ankaimika khasu.

Mu 1945 chitseko cha bango chimene malemu anasiya chinali chitatha ndi chiswe, ndipo chaka chimenecho afisi anavuta mpaka kumakwera m'makonde. Atsibweni awo a mayi Dorica anapita ku Phalula kukapempha a Blasius, mmisiri wa matabwa, awa akhala kutsogoloku, amene nthawi imeneyo anali atangofedwa akazi awo. A Blasius anabwera ndi sowo yawo, anacheka mbawa, napanga chitseko chimene mudzi uno unali usanachionepo, cha matabwa osalala, chotseka popanda kulira. Ntchitoyo inatenga masiku atatu, ndipo masiku onsewo ankagona kwa atsibweni.

Mu Meyi 1946 malemu anatsika sitima pa Balaka kuti agulire akazi awo nsalu. Pamenepo munthu wina, amene mwina ali pano ndipo akudzidziwa, anawalonjera ndi nkhani yakuti kunyumba kwawo kuli chitseko chatsopano, ndipo mmisiri wake, wopanda mkazi, anatha masiku atatu akuchikhoma. Za kogona sanatchule. Malemu anayenda pansi kuchokera ku Balaka mpaka kuno akutafuna mawu amenewo, ndipo nsaluyo anaiwala kugula. Alamu atamva kuti afika, anataya khasu m'munda, anathamanga, anagwa pamapazi awo akulira. Achimwene anali chilili, maso ali pa chitseko.

Atalowa m'nyumba anatsekula sutikesi, natulutsa chithunzichi, nachikoloweka pakhoma. Tsono chiyang'aneni nokha, amene muli pafupi. Tsitsi lalitali, loyera, lopotanapotana pamwamba pa makutu, kumbuyo lomanga ndi kansalu. Masaya ofiira, chibwano chosalala chopanda ndi kandevu komwe, pakhosi nsalu ya maluwamaluwa yolendewera mpaka pachifuwa. Azungu aamuna amene tinkawadziwa ife ndi a kabudula wa khaki ndi tsitsi lometa, kapena a ndevu zofika pachifuwa ngati abambo a ku mishoni. Alamu, misozi isanaume, anafunsa kuti dona ameneyu ndani. Apa ndi pamene achimwene anagwa. M'malo moseka ndi kunena zoona, anayang'ana chitseko chija, nayankha kuti pa zaka zimenezi aliyense anali ndi womusamala, iwo wawo ndi ameneyu, wa alamu ndi uja wa chitseko. Ine ndinali pakhonde, ndinamva ndi makutu angawa.

Patapita masiku atatu atsibweni anawakhazika pansi malemu n'kuwafotokozera za chitseko kuyambira pa afisi mpaka pa mphasa imene a Blasius ankagonapo. Malemu anachita manyazi, anapita kwa akazi awo kukawauza kuti wa pachithunziyo ndi mwamuna, ngwazi ya pamadzi yakalekale. Alamu anafunsa kuti zoti ndi mwamuna azikumbukira lero, nanga masiku atatu onsewa anali mkazi? Anati iwo si mwana, mwamuna womanga kansalu kutsitsi sanamuonepo, ndipo ngati malemu akufuna mitala anene poyera, osati kubweretsa mkazi mnzawo wopachika pamsomali, woti sasinja, satunga madzi, ntchito yake kungoyang'ana anthu.

Musaganize kuti malemu atamva zoona nsanje yawo inatha. Iyayi. Sabata yomweyo anazula chitseko cha a Blasius, n'kukhoma chawo cha matabwa a mabokosi a sopo. Achimwene pamadzi anali katswiri, koma pa matabwa Mulungu anawamana. Chitseko chawocho chinali chokhota, mbuzi zinkatsekula ndi mphuno, ndipo zaka khumi ndi chimodzi chakhala chikuchirikizidwa ndi mtondo. Cha a Blasius chija alamu anachiika kuseri kwa nyumba, pa miyala inayi, n'kumayanikapo makaka. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse malemu ankatenga kansalu n'kupukuta galasi la chithunzi, ndipo alamu akaona choncho ankatenga kawo n'kupita kuseri kukapukuta chitseko. Aliyense ankapukuta mokweza kuti mnzake amve.

Mu 1947 nkhaniyi inabwera kwa ife ankhoswe. Tinakhala pakhonde, chithunzi chikuyenda m'manja. Ine ndinachiyang'ana pafupi, ndinachiyang'ana cham'mbali, ndinapita nacho padzuwa, kenaka ndinagamula pamaso pa anthu kuti ameneyu ndi mzimayi, ndiponso wokongola ndithu. Lero ndiulule. Kukayika ndinali nako, koma mumtima munali kachisangalalo kakuti achimwene, aja ankandiposa m'zonse, aja anabwera ndi jekete loyera ndi nsapato ine ndili chosavala kumapazi, nawonso lero agwidwa. Chigamulo changacho alamu anachisunga ngati mbewu. Aphunzitsi a pasukulu atawerenga mawu a Chizungu olembedwa pansi pa chithunzi n'kunena kuti ndi mwamuna, alamu anati aphunzitsiwo amadya nsomba za malemu ulere. Tinapita nacho kwa abambo ku mishoni. Abambo anaseka mpaka kupukuta misozi, nati kale kwawoko amuna olemekezeka ankavala choncho. Alamu anagwada, anathokoza mwaulemu, koma panjira anandiuza kuti munthu amene sanakwatirepo sangawaphunzitse iwo kuzindikira mkazi.

Mwambo wa pa 9 Juni uja malemu sanauphonyepo chibwerere. Ankavala jekete lawo loyera, n'kupachika chithunzi pa mtengo wa mango uwo, n'kumenya chitsulo cha njanji kasanu ndi katatu m'malo mwa belu. Akatero ankaima nji n'kusimba mbiri ya a Kaputeni, pomaliza n'kutchula mayina a anzawo asanu ndi mmodzi amene anamira. Che Hamadi ndi asodzi anzawo a ku Chiuta ankabwera chaka ndi chaka, ankati imeneyi ndi sadaka, munthu sakana. Thobwa la tsikulo ankaphika ndi akazi anga a Bernadetta, chifukwa alamu anati iwo saphikira phwando la mkazi mnzawo. Ntchito yawo inali kukoka mtondo, kuuika kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kusinja belu likangolira. Mbiriyo tinkaimva m'zidutswa. Mmene a Kaputeni eni ake anapulumukira m'chombo chobooka chija ine sindinamvepo, chifukwa malemu akafika pamenepo ndi pamene munsi unkafika pachimake.

Tinkaseka, koma alamu sizinkawaseketsa. Anandiuza tsiku lina kuti chimene chimawabaya si tsitsi la donayo ayi, ndi misozi. Malemu akamatchula mayina aja ankalira ngati mwana, pamene tsiku lobwera, iwo atagwa pamapazi awo, m'maso mwa malemu munali gwa. Chithunzichi chayenda m'mudzi muno kuposa ena a inu. Chinakhalapo kukhitchini mpaka kuda ndi mwaye, chinagonapo m'nkhokwe mwezi wathunthu, chinapezekapo m'khola la nkhuku chitayang'ana kukhoma. Koma onani, galasi lake ndi lomwe lija, lopanda mng'alu. Ndipo jekete loyera lija, la phwando lomwe ankalidalo, ankachapa ndi kusita ndi alamu eni ake. Akazi anga atayesa kulitenga kuti awathandize, anauzidwa kuti chovala cha amuna a eni sachigwira mkazi wina.

Mu Januwale 1949 kunabadwa Gladys, ndipo chaka chimenecho simufuna kuti ndikukumbutseni. Njala ili pakhosi, mzungu wina wa panjanji anamva za chithunzichi, anabwera kudzachiona, nanena kuti apereka thumba la chimanga. Malemu anakana. Alamu, khanda lili kubere louma, anangoti tsopano adziwa kuti pakati pa dona ndi mwana wamkulu ndani, natenga ana kupita kwa achemwali awo ku Phalula. Apa sindiseka. Achimwene analakwa, ndipo ndinawauza pamaso. M'mawa mwake anandidzutsa, tinayenda pansi mpaka ku Chiuta, anapha matemba ndi milamba milungu itatu osapuma, n'kumasinthanitsa ndi chinangwa, n'kusenza okha mpaka ku Phalula. Anabwereza ulendo umenewo kanayi. M'banjamo simunafe munthu, ndipo mvula itagwa alamu anabwerera, koma za thumba lija sanaiwale.

Ntchito zina za malemu mukuzidziwa. Mu 1952 mtsinje wa Rivirivi utasefukira, ndiwo anapalasa kabwato kobwereka n'kukatsitsa anthu khumi ndi mmodzi mumtengo wa mkuyu, ena a inu muli pano chifukwa cha tsiku limenelo. Kutchalitchi ankaliza belu, ndipo silinachedwepo. Sankamwa zoledzeretsa, sanakwezepo dzanja pa mkazi kapena mwana. Chilema chawo chinali chimodzi, chomwe chija cha akazi awo, ndipo chifukwa chake anakhalitsana.

Mu Okutobala 1956 anayamba kutsokomola ndi kumva kuwawa m'chifuwa. Pofika Khirisimasi miyendo inatupa, khasu linawakanika. Pa 2 Febuluwale chaka chino tinawanyamula pamachila kupita nawo kuchipatala cha mishoni, tsidya la mtsinje, ndipo alamu sanachoke pambali pa bedi. Pa 17 m'mawa malemu anapempha zinthu ziwiri, kuti aitanitsidwe a Blasius, ndi kuti wina akatenge chithunzi. Tonse tinayang'ana pansi. Alamu anaimirira, anamanga nsalu m'chiuno, natuluka. Mvula inali itagwa kumtunda, mtsinje utadzaza, amuna ali m'mbali kudikira kuti uphwe. Pobwerera alamu anaika nkhata pamutu, chithunzi pamwamba, nalowa m'madzi ofika m'chifuwa. Anafika m'chipatala zovala zikuchucha, chithunzi chili chouma, nachiika pabedi n'kunena kuti munthu wanu uyu, tsanzikanani.

Malemu chithunzicho sanachiyang'ane n'komwe. Anagwira dzanja la akazi awo, ndipo pamaso pa ine ndi a Blasius analumbira kuti wa pachithunziyo ndi mwamuna, kuti mkazi wina sanakhalepo naye kumtunda kapena pamadzi, ndi kuti mawu a tsiku lobwera aja anawalankhulitsa ndi nsanje ya chitseko. Anati thumba la chimanga analikana chifukwa cha mantha, ankaona ngati chithunzicho chikachoka, anzawo omira aja amiranso kachiwiri. Anati masiku asanu ndi anayi aja, zikhatho zikusupuka, kumene ankapalasira ndi ku Utale. Kenaka anapepesa kwa a Blasius, nawapempha kuti chitseko chija anachikana ali moyo achisandutse bokosi lawo. Pomaliza anati chithunzi chilowe nawo m'bokosimo, chakwana kuzunza akazi awo, atsale m'nyumba mwawo mopanda wowayang'ana pakhoma. Malemu anatisiya pa 19 Febuluwale 1957, chakumasana, mutu uli pamiyendo ya akazi awo, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi.

Bokosi mukulionali ndi chitseko chija. Mbawa yake, chifukwa chopukutidwa m'mawa uliwonse, a Blasius anaipeza ilibe ndi kachiboo komwe. Matabwa anaperewera pa chivundikiro, ndiye anazula chitseko cha malemu chokhota chija n'kuchiwongola ndi pulena. Ngati mwaona mphasa italendewera pakhomo la nyumba ya siwa, chifukwa chake n'chimenecho.

Tsono za chithunzi. Ife abale tinkayesa kuti alamu akondwera kuti mkazi mnzawo akuchoka. Lero m'mawa, Wyson atachinyamula kuti achiike m'bokosi, mayi ake anamugwira mkono. Anati ameneyu sagona pambali pa amuna awo, malo amenewo ndi awo, ndipo adzabwera kudzagonapo okha. Tinawakumbutsa kuti ndi mawu a malemu. Anati malemu alamulira chithunzichi zaka khumi ndi chimodzi, lero olamula ndi iwo akazi awo. Ine, nkhoswe yolephera, ndinafunsa ngati tsopano avomera kuti ndi mwamuna. Anati amuna awo awakhulupirira, munthu sanama ali pakhomo la imfa, koma tsitsilo sanalikhulupirirebe.

Atatero analira, ndipo zimene ananena andilola kuti ndikuuzeni. Anati zaka zisanu ndi ziwiri zija amuna awo anali kutali, iwo analandidwa. Sanawaone akupalasa, sanawaone akuthwanimitsa galasi, sanawamangepo zikhatho. Amene analipo ndi uyu wa pachithunziyu, ndipo nsanje yawo yeniyeni yakhala imeneyo zaka zonsezi, akhale mwamuna akhale mkazi. Anati ameneyu akalowa m'dothi, zaka zimenezo zilowa naye, iwo n'kutsala m'nyumba yopanda chitseko, yopanda mwamuna, yopanda ndi wokangana naye yemwe. Choncho chithunzi chibwerera pamsomali wake. Anatinso pa 9 Juni chitsulo adzamenya okha, thobwa adzaphika okha, mtondo udzapuma, ndipo pa mayina asanu ndi limodzi aja padzawonjezedwa lachisanu ndi chiwiri. Anandipempha kuti mbiri ya a Kaputeni ndidzasimbe ine, popeza iwo sanaimvepo mpaka kumapeto. Ndinawauza kuti ndidzasimba zimene ndinamva, koma pamene paja munsi unkafika pachimake, palibe wa ife anamvapo. Chigawo chimenecho chapita ndi achimwene.

Malemu asiya akazi awo mayi Dorica, ana atatu, Elsie amene ali pabanja ku Phalula, Wyson amene akugwira ntchito panjanji, ndi Gladys amene ali pasukulu, komanso zidzukulu zinayi. Mwa obadwa nawo tatsala atatu, ine ndi alongo athu a Zelifa ndi a Judith.

M'malo mwa banja ndithokoze a kuchipatala amene anawasamala mpaka tsiku lomaliza, abambo ndi akhristu onse, ndi amayi amene agona pano masiku awiri akuimba. Ndithokoze anyamata amene ananyamula machila, Che Hamadi ndi anzawo amene ayenda pansi kuchokera ku Chiuta atasenza nsomba za okhuza maliro, ndi abale athu a kwa Kawinga amene alola kuti mwana wawo agone kuno kwa akazi awo. A Blasius, zaka khumi ndi chimodzi munapatsidwa moni wa kumbali popanda cholakwa, ndipo lero mwagwira ntchito osadandaula, Mulungu akubwezereni. Alamu, ine ndinagamula molakwa mu 1947, ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa.

Elsie, nyamula chithunzicho ukapereke m'manja mwa mayi ako. Adzukulu, mwadikira mokwanira, khomani tsopano. Achimwene, mwapalasa kokwanira, ikani nkhafi pansi. Mulungu alandire mzimu wanu, muuse mumtendere, ndipo malo a pambali panuwo muwasunge, ali ndi mwini wake.